NKHALAMBA YA KU MIGODI NDI YA YANI?

Owerenga anga a kumudzi, sabata ino ticeze za anthu amene ambiri a inu simunawaonepo ndi maso, koma maina ao amachulidwabe pamene akuluakulu akuwerenga mbumba pa maliro. Ndikunena abale anu aja amene anakwera basi kupita ku Migodi ali anyamata osamera ndevu, ndipo lero ali ndi imvi ku Wusakile, ku Chamboli ndi ku Chimwemwe mu Kitwe, kapena ku Chifubu ndi ku Kabushi mu Ndola. Kwathu timawacha machona. Dzina limeneli liri ndi mnyozo mkati mwake, ndipo amene amalichula kawirikawiri saima kuti afunse cimene cinamcititsa munthu kucoka, ndi cimene cikumletsa kubwerera. Tsopano anthu amenewa akalamba. Mphamvu zao zinatsala pansi pa nthaka, ndipo funso la kumene adzatsamire mutu masiku ao otsiriza likubvutitsa mabanja ambiri, a m'tauni ndi a kumudzi omwe.

Makolo athu sanapite ku Migodi cifukwa cokonda magetsi ai. Boma la atsamunda linkafuna msonkho wa ndalama, ndipo ndalama sizinkamera m'munda wa mapira. Oyamba a kwathu ankalowera kumwera, ku Salisbury, ku Wankie ndi ku Johannesburg. Pamene mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa mu 1932, ndi tauni ya Kitwe kukhazikitsidwa pafupi nao mu 1936, njira yatsopano inatseguka. Sinali njira yofewa. Mu 1935 anchito anaramira nchito cifukwa ca kukwera kwa msonkho, ndipo anthu 6 anaomberedwa ku Luanshya. Mu 1940 ena 17 anafa ndi zipolopolo ku Nkana. Cigwirizano ca anchito a m'migodi cinadza mu 1949, wotsogolera wake a Lawrence Katilungu, ndipo ndico cinayamba kulankhula ndi makampani maso ndi maso. Ngozi nazo sizinali kutali: pa 25 September 1970 matope anakhuthukira mu mgodi wa Mufulira nakwirira amuna 89 usiku umodzi.

Koma cimene ndifuna mucigwire ndi ici. Makampani a masiku amenewo ankafuna mphamvu za mnyamata, za ukalamba wake sankafuna kumva. Nyumba ya m'komboni inkayendera pamodzi ndi nambala ya nchito. Nchito ikatha, makiyi abwezedwe, katundu akwere galimoto, munthu abwerere kwa mfumu yake. Ndiko kunena kuti penshoni yeniyeni ya munthu wa m'mgodi inali mudzi wake: munda wa amai ake, nkhokwe ya alongo ake, ndi manja a adzukulu ake. Aliyense wanzeru ankadziwa zimenezi kuyambira tsiku lolembedwa nchito, ndipo ankayenda moyang'ana kumbuyo.

Wotere anali malume wa atate anga, amene ife ana tinkawacha ambuye. Anacoka ku dera la Katete m'zaka za m'ma 1950, nagwira nchito ya pansi kufikira 1979. Ndiwo anaitana atate mu 1974, monga mwambo wa Acewa unenera kuti mwana wa mlongo wako ndi katundu wako. Ine ndinawadziwa atabwerera kale kumudzi, pamene tinkapita kukaceza sukulu zikatsekedwa. Anali ndi bokosi lacitsulo pansi pa bedi, ndipo tsiku limene mtima wao wakondwa ankalitsegula kuti tione. Munali cisoti colimba cokhala ndi pomangira nyali, majombo aakulu ong'ambika ku cidendene, buku la ku positi, ndi mtolo wa timapepala tomangidwa ndi mphira. Timapepalato tinali ziphaso za ndalama zimene ankatumiza kumudzi pa positi mwezi ndi mwezi. Sanataye ngakhale kamodzi. Tikawafunsa cifukwa cosungira zinyalala zotere, ankaseka nati, "Iwe mwana, iyi ndiyo njira imene ndinabwerera nayo kuno. Ukapanda kupalira njira, udzu umatseka."

Ndipo ankaipalira ndithu. Chuti ciriconse ankakwera basi ya UBZ, kugona m'njira, kuoloka Luangwa, kufika ndi bulangeti la amai ao, mcere, shuga, sopo, ndi nsalu ya mlongo aliyense mosasiyanitsa. Maliro akagwa, ngati sanathe kufika, ankatumiza nsalu ndi ndalama, ndipo pobwera ankayamba kupita kukakhuza asanalowe m'nyumba yao. Anagula ng'ombe ziwiri naziika m'khola la mlamu wao. Nyumba ya malata anaimanga zaka zitatu asanapume. Pamene anatsika basi komaliza, panalibe wofunsa kuti mlendoyu ndani. Mfumu inawapatsa malo a dimba, ndipo anakhala zaka zoposa 20 akuweruza nao milandu pa bwalo, ngakhale cifuwa cinkawavuta nyengo yozizira.

Ndisakunamizeni kuti onse anali otero. Mng'ono wao weniweni, amene anagwira nchito ku fakitale ina mu Ndola, anakwatira mkazi wa ku Luapula, nabala ana asanu ndi awiri, ndipo malipiro ake ankathera pa matumba a ufa ndi yunifomu za sukulu. Sanali cidakwa, sanali woipa mtima. Anali munthu wa ana ambiri ndi ndalama zocepa. Makalata anayamba kucepa, kenaka analeka. Atapuma nchito anayesa kubwerera, koma anangokhala miyezi isanu ndi itatu. Palibe anamthamangitsa. Anangoona kuti nsima imabwera mocedwa, kuti mkazi wake alibe womceza naye pa mtondo, ndi kuti mwana wa mnansi atadwala malungo anthu anayamba kuyang'ana khomo lake ndi diso lina. Anagulitsa njinga nabwerera ku Ndola, ndipo manda ake ali komweko. Nkhani yotere si ya banja lathu lokha. Mzungu wina wa ku America wophunzira za makhalidwe a anthu, James Ferguson, anaceza ndi anchito a m'migodi a ku Kitwe m'zaka za m'ma 1980, ndipo m'buku lake la mu 1999 anasimba za amuna ambiri amene ankaopa kwao kweni-kweni, cifukwa ca kaduka, ufiti, ndi mangawa a ubale amene sanawalipire.

M'badwo wa atate anga unakumana ndi zina. Iwo analowa nchito boma litatenga kale magawo 51 pa 100 a migodi, monga a Kaunda analengezera ku Matero mu 1969. Mu 1982 makampani awiri aja anaphatikizidwa kukhala ZCCM, ndipo ana a m'migodi a nthawi imeneyo amakumbukira cipatala ca kampani, sukulu za kampani, makalabu a mpira, ndi amisiri obwera kudzakonza mpope ukaphulika. Munthu akanaganiza bwanji za munda wa ku Katete pamene babu la magetsi likapsa kampani inkapereka lina? Koma mtengo wa mkuwa unali utagwa kale mu 1975, ndipo sunadzuke msanga. Mu December 1986 anthu a ku Migodi anacita cipolowe cifukwa ca mtengo wa ufa. Pofika March 2000 migodi yonse ikuluikulu inali itagulitsidwa. Anchito a m'migodi, amene anaposa 60,000 m'zaka za m'ma 1970, anatsala pafupi 22,000. Amuna a zaka 45 anapezeka ali pakhomo masana, aang'ono kuti achedwe nkhalamba, aakulu kuti wina awalembe nchito.

Cinthu cimodzi cinasintha nkhani yonse. M'zaka za a Chiluba nyumba za makhonsolo ndi za migodi zinagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo kwa anchito ambiri a m'migodi mtengo wa nyumba unacotsedwa pa ndalama zao zopumira. Kwa nthawi yoyamba munthu wakuda wa m'komboni anakhala mwini khomo m'tauni. Makiyi aja amene ambuye anabweza mu 1979, atate sanawabweze. Inu amene mumafunsa kuti, "Nanga uje bwanji sabwera, nchito inatha kale?" yankho lalikulu ndi limeneli. Cuma cake conse ca zaka 26 ciri m'zipupa zinai ndi malata akale. Akagulitsa, ana ndi adzukulu agona kuti? Akasiya, adzapeza ciani pobwera?

Ndimafika ku Kitwe kawiri kapena katatu pa caka, ndipo ndimaona m'mene akuluakuluwa akukhalira. Atate amadzukabe mbanda kuca, nthawi imene kale ankathamangira shifiti, ngakhale palibe woitana. Amasesa pabwalo, nchito imene kale sakanaigwira, amathirira repu ndi tomato kuseri kwa nyumba, kenaka amakhala pa mpando pafupi ndi geti ndi wailesi yao. Zipinda ziwiri zakumbuyo anaikamo alendi, ndipo ndalama imeneyo ndiyo ya magetsi ndi mankhwala a BP. Nyengo ya dzinja amakwera njinga kupita kunja kwa tauni, kumene anapempha kamunda, nalima cimanga ndi khasu lomwe analithawa ali mnyamata. Amai amagulitsa nsomba zouma ndi nyemba pa kathebulo, zimene amakaoda ku msika wa Chisokone. M'nyumbamo muli adzukulu atatu a mlongo wanga amene anatisiya. Nyumba zambiri za mzere umenewo ziri conco, pakuti matenda a Edzi anakolola m'badwo wapakati m'zaka za m'ma 1990, nasiya agogo kuti alere kaciwiri. Munthu amene mumamuyesa mlendo wokhuta ku tauni, nthawi zambiri ndi nkhalamba yosenza mtolo woposa wanu.

Komabe sindinganene kuti ndi anthu acisoni okha-okha. Tsiku limene Nkana ikumana ndi Power Dynamos mudzawapeza akukangana ngati anyamata, wina akuchula zigoli za zaka 40 zapitazo monga za dzulo. Ali ndi chalichi cao, ali ndi tigulu tao ta maliro tosonkha mwezi ndi mwezi. Ndipo ali ndi Abemba. Cimbuya ca pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa, cimene cinayamba ndi nkhondo za Angoni ndi Abemba kalekale, ku Migodi ndico cinalowa m'malo mwa adzukulu a kumanda. Wa kwathu akamwalira, Abemba ndiwo amafika msanga, kutola nkhuni, kuphika, kuseka ofedwa ndi kuwapaka ufa kumaso kufikira atatulutsa kandalama. Amatinena za mbewa, ife timawanena za anyani, ndipo maliro amayenda. Ana obadwira kumeneko, ine mmodzi wa iwo, tinayamba kulankhula Cibemba pa msewu tisanadziwe bwino Cinyanja ca m'nyumba. Kwa mwana wotere, kumudzi ndi malo a chuti. Mukauza atate ake kuti bwererani, mukuwauza kuti asiye ana ao kutali makilomita oposa 800, ulendo wa mabasi awiri, wina wa ku Lusaka ndi wina wa mseu wa Great East.

Apa ndipo pali mfundo yobvuta, ya udindo. Mwambo wathu umati mwamuna ndi nkhoswe ya mbumba yake, ndipo cuma cake cinkayang'ana kwa ana a alongo ake. Moyo wa m'tauni unati mwamuna ayang'ane mkazi wake ndi ana a m'nyumba mwake. Amuna a m'badwo wa atate anakokedwa mbali ziwiri ndi malipiro amodzi, ndipo mbali iriyonse inkaona kuti yamanidwa. Pa maliro ndipo zinkaphulika: abale ocokera kumudzi kunyamula mipando, mapoto, ngakhale bedi, mkazi wamasiye ndi ana kutsala pa simenti. Lamulo la mu 1989 la cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo linadula mlanduwu motere: magawo 50 pa 100 apite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a womwalirayo, ndi 10 kwa ena amene ankadalira iye. Nyumba ndi ya ana ndi wotsalayo, amene akhalamo kufikira imfa kapena atalowa banja lina. Onani kuti lamuloli silinaiwale nkhalamba ya kumudzi. Gawo la makolo lirimo, ndipo mai amene mwana wake wafera ku Kitwe ali ndi ufulu wolifunsa popanda manyazi. Koma malume ndi mphwake wofika ndi lole sali m'lamulomo, pokhapokha ngati ankadyetsedwa ndi malemuyo. Ena a inu izi sizikukomerani, ndidziwa. Ine ndaona ana amasiye a ku Chamboli, ndipo ndiri ku mbali ya lamulo.

Anzathu Abemba ali ndi mwambi wonena kuti mai andibereke, nanenso ndidzawabereka. Ife a m'badwo wa lamya ya m'manja tapeza njira yacidule yoberekera makolo: kutumiza ndalama pa foni ndi kufunsa ngati zafika. Ndi cinthu cabwino, ndipo cimafulumira kuposa positi ya ambuye, imene inkatenga masabata. Koma ndalama ya pa foni siitha kuona kuti atate ayamba kuiwala pamene aika mankhwala, kapena kuti amai akubisa kutupa kwa miyendo pansi pa citenje. Okalamba athu sadandaula pa lamya. Amati tiri bwino, mwanawe, iwe samala nchito. Zoona zake umazipeza utakhala nao masiku atatu, utaona kuti thumba la makala likugawidwa ndi diso, ndi kuti tiyi wa m'mawa amwa ana okha.

Kwa inu amene mbale wanu wa ku Migodi anabwerera ndipo ali pakati panu, pali zina zoti muzidziwe, pakuti ambiri amataya zao cifukwa cosauzidwa. Munthu amene anagwira nchito ya pansi anapuma pfumbi la miyala zaka zambiri, ndipo pfumbilo limaononga mapapo pang'onopang'ono, nthawi zina matenda kuonekera munthu atapuma kale. Limatsegulanso khomo la cifuwa cacikulu ca TB. Ku Kitwe kuli nyumba yopimira anchito a m'migodi, imene akale amaidziwa ndi dzina la Silicosis Bureau ndipo tsopano ikuchedwa Occupational Health and Safety Institute. Opuma nchito nao amapimidwa kumeneko. Bungwe lolipira anchito opweteka kapena odwala cifukwa ca nchito, la Workers' Compensation, likulu lake liri ku Ndola. Nkhalamba ikamatsokomola miyezi, musathamangire kunena kuti yalodzedwa kapena kuti ndi fodya. Funsani zaka zimene inakhala pansi, ndipo yambani ndi cipatala. Funsaninso za mapepala: nambala ya mgodi, reji, makadi a Provident Fund yakale, imene inalowedwa m'malo ndi NAPSA mu 2000. Mapepala amenewa asakolezere moto ndipo asakulungire fodya. Za thandizo la ndalama za boma kwa mabanja osowa, limene linayambira ku Kalomo mu 2003, inu a ku Katete mukulidziwa kuposa ena, popeza kwanu ndiko kunayesedwa mu 2007 kupatsa ndalama okalamba a zaka 60 ndi kupitirira. Wobwerera kucokera ku tauni asacotsedwe pa mndandanda cabe cifukwa anabvalapo tayi.

Ndipo mukamlandira, mlandireni ndi mtima umodzi. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, timatero. Koma mwambiwu umafuna kuti a kwanuwo atsegule citseko. Munthu wa zaka 70 amene manja ake anazolowera cibowolero ca miyala sangathe kuswa mphanje yekha. Mkazi wake, ngati ndi wa mtundu wina, asakhale mlendo mpaka imfa. Koposa zonse, lekani kuona ufiti pa nkhope iriyonse ya makwinya. Ukalamba umasokoneza mutu. Munthu amatha kutuluka usiku osadziwa kumene akupita, kapena kulankhula ndi akufa monga ali pomwepo. Amenewo ndi matenda, ndipo wodwala amafuna womgwira dzanja. Ku Ndola kuli nyumba yosungira okalamba ya Mitanda, yoyang'aniridwa ndi a Salvation Army. Amagwira nchito yabwino, koma nyumba zotere m'dziko muno n'zowerengeka, ndipo aliyense wogona m'menemo ali ndi mudzi wina kumene dzina lake likudziwika.

Mwezi wathawu ndinafunsa atate maganizo ao. Anakhala cete nthawi yaitali, akupukuta magalasi, kenaka anati, "Amako anagona ku Katete, mlongo wako anagona kuno. Ndikasankha kumodzi ndasiya wina." Ponena amako ankatanthauza mai ao owabala, pakuti okalamba amasakaniza mibadwo polankhula ndi mwana. Anandiuza kuti mphwao wa kumudzi, amene sanamuonepo cibadwire, anawaimbira lamya kunena kuti dimba la ambuye likadalipo ndipo palibe akulilima. Zimenezi zinawakhudza kuposa m'mene anafunira kuonetsa. Amai, amene ankasankha nyemba pafupi, sanatukule mutu. Anangofunsa kuti adzukulu atatu aja adzalemba mayeso ao ku sukulu iti.

Tinapangana kuti mu August atate adzapita ku Kulamba ku Mkaika, kumene sanapondeko zaka 19, ndipo akadzatha mwambo akakhale sabata ziwiri kumudzi, aone dimbalo ndi kuyesa ngati msana ungalole. Apempha kuti ndiwagulire bulangeti limodzi, mcere, shuga ndi nsalu zinai, cifukwa alongo ao amoyo ndi anai. Tikiti anati ndigule ya kupita ndi kubwera.